Khoka Limene Ankalitcha Doha

Khutu langa lakumanzere linafa ndisanapite ku Doha. Linafera m'nyanja ya Malombe, m'zaka zimene ndinali wobira pa khoka la nkacha la bambo athu. Amene sadziwa nkacha amve: khoka likazinga nsomba, munthu mmodzi amatsika pansi pa madzi kukamanga zingwe zakunsi kuti nsombazo zisathawire pansi. Munthuyo ndinali ine. Mng'ono wanga Saidi ankagwira chingwe m'bwato, ndipo ankakonda kunena kuti ndikachedwa kuvuuka amayamba kuganiza za amene adzatenge njinga yanga.

Bambo atamwalira khoka lawo linali litatha kale, zigamba zokhazokha, ndipo bwato linapita ndi maliro. Tinayamba maganyu pa makoka a eni. Ndiye tinapangana ndi Saidi kuti ine ndipite kunja ndikasake, iye atsale ndi mayi. Ndizitumiza pang'onopang'ono mpaka tigule bwato, khoka ndi injini, ndipo ndikadzabwera tidzaphe nsomba tili awiri pa gombe la bambo, pamene kamtsinje kathu kamathira m'nyanja. Pamenepo pali bango lambiri, ndipo chambo chimaswana pomwepo. Nkhani yonse inali imeneyo. Sindinapite ku Doha kukaona nyumba zitalizitali.

Tsiku lonyamuka mayi anandifunsa ngati kumeneko kuli nyanja. Ndinati ilipo, koma ya madzi amchere.

"Basi usakalowemo," anatero.

Sindinalowemodi zaka zonsezo. Nyanja ndinkangoionera pawindo la basi ya kuntchito.

Tinkagona m'dera la Old Airport, limene eniake amati Matar Qadeem, m'nyumba yaikulu imene anaiduladula ndi mapulanga. M'chipinda chathu tinalimo asanu ndi mmodzi pa mabedi osanjikizana: Amalawi awiri, a ku Uganda awiri, wa ku Nepal, ndi mkulu wina wa ku Kenya amene ankaliza mkonono ngati chigayo. Apa khutu lakufa linandithandiza. Ndinkagonera lamoyolo, anzanga n'kumadzuka maso ali psuu ine nditagona tulo tabwino. Kutentha ndiye kosakambika. Miyezi ina ukatsegula chitseko mpweya umakumenya kumaso ngati watsegula uvuni wa buledi, ndipo malaya ochapa amauma usanamalize kusamba.

Ntchito ndinaipeza ku khitchini ya hotela, kutsuka mapoto ndi kukolopa. Munthu umaimirira kuyambira m'mawa mpaka mapazi kukana nsapato. Tsiku lina mkulu wa ophika anandipeza ndikuthandiza kupala nsomba. Anaima n'kuyang'ana mmene mpeni ukuyendera. Mawa lake ndinapezeka pa tebulo la nsomba, pamene manja anga anayamba kung'aluka ndi madzi oundana m'dziko lotentha chotero.

Pa tebulo limenelo ndi pamene ndinakumana ndi Rodel, bambo wa ku Philippines, wamfupi, wa mapewa otambalala, wamkulu kwa ine pang'ono. Tsiku loyamba anandiyankhula ali kumanzere kwanga. Nditatembenuza mutu wonse kuti ndimve, anaseka n'kuloza khutu lake lakumanja.

"Iwe unali wobira," anatero m'Chingerezi chake chodukaduka, chofanana ndi changa.

"Wadziwa bwanji?"

"Ndani wina amamvera ndi khosi?"

Kuyambira pamenepo ankaima kumanja kwanga kuti makutu athu amoyo aziyang'anana.

Ntchito yathu yaikulu m'mawa inali kutsegula masikalopu. Sikalopu ndi nkhono ya m'nyanja yamchere, ya zigoba ziwiri zophwatalala zokhala ndi mizere, kukula kwake ngati chikhatho. Mkati muli kanyama koyera kozungulira, ndipo kameneko ndi kamene alendo a m'hotela ankakafuna. Ankabwera pa ndege kuchokera ku maiko ozizira, bokosi lililonse lili ndi pepala lonena dera la nyanja limene anatoledwa ndi tsiku lake. Bokosi lopanda pepala mkulu wa ophika ankalibweza osalitsegula n'komwe. Ine ndinkaseka, nkhono kukhala ndi pasipoti pamene yanga ndinaivutikira chaka chathunthu! Kwathu nkhono sitidya, ndipo sindinalaweko ngakhale kamodzi. Rodel anandionetsa timaso take tambirimbiri tondanda m'mphepete mwa chigoba. Ndinamuuza kuti kwathu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Iye anati ndiye kuti anthu a kwanu ndi odekha kwambiri. Ndinamusiya aganize choncho.

Rodel anakulira pa chilumba pamene anthu amadalira sikalopu basi. Ankabira ndi paipi ya mpweya m'kamwa. Anati kale zigoba zotayidwa zinkaunjikana kuseri kwa nyumba mpaka kupitirira madenga, ndipo ogula ankabwera ndi maboti kudzadikira pagombe. Kenako anayamba kubira patali, kenako pakuya, kenako kutola ndi tating'ono tomwe tisanayambe kuswana. Chaka china anatsika pansi n'kupeza mchenga wokhawokha. Ndi mmene anapezekera ku Doha, akutsegula nkhono za anthu ena.

Koma mtima wake unatsala komweko. Anthu a pachilumbapo anali atapanga bungwe, ndipo Rodel anali m'komiti ngakhale anali kutali. Lachisanu lililonse, tsiku lathu lopuma, ankakhala pa masitepe a nyumba yawo ku Doha Jadeeda, foni kukhutu lamoyo, pepala pabondo, akukangana ndi anthu a kwawo m'chinenero chawo. Ndikapita kukamuchezera ndinkadikira mpaka tiyi kuzizira. Pa pepalapo anajambula nyanja yawo ataigawa zigawo zinayi. Anati azibira m'chigawo chimodzi chokha, zinazo zizipuma, ndipo azisinthasintha monga mlimi amagonekera munda. Panalinso malo ena osakhudzidwa mpaka kalekale, osungira mbewu. Miyezi yoswana aliyense akhale kumtunda, ndipo sikalopu wosakwana muyeso abwerere m'madzi. Chimene ankakanganirana kwambiri chinali cha anthu podikira, azidya chiyani. Rodel ankati alime ndere za m'nyanja zimene kwawoko zimagulitsidwa, akuluakulu ena ankati iwo ndi obira, si alimi a udzu. Malipiro ake ambiri ankathera pa zoyandama zoikira malire a zigawozo.

"Zonsezi zitenga nthawi yaitali bwanji?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Zaka khumi. Mwina kuposa."

"Udzakhala uli ndi mano?"

"Sikalopu safuna mano," anatero.

Ndinkamuona ngati munthu wabwino amene dzuwa la ku Doha lamuwotcha mutu.

Nthawi imeneyo bwato tinali titagula, khoka lilinso m'madzi, Saidi akuliyendetsa. Dandaulo lake linali limodzi. Nsomba zikuluzikulu zinali zitachepa, ndipo eni makoka onse ankasokera maneti a udzudzu ku thumba la khoka kuti tating'ono tisapulumuke. Koma neti ya udzudzu siichedwa kung'ambika. Sabata ziwiri, yatha.

Lachisanu lina ndinapita ku Bin Omran kukaona a Chikopa, bambo achikulire a ku Zomba amene ankalondera pamalo pomangidwa nyumba yosanja. Nyumbayo inali itatha, ndipo antchito ankatsitsa neti yobiriwira imene amakuta nayo nyumba pomanga, yotchinga fumbi ndi dzuwa. Ndinaigwira. Ndinaikoka ndi manja awiri, osang'ambika. Maso ake anali aang'ono moti njere ya mpunga sikanadutsa.

"A Chikopa, imeneyi akupita nayo kuti?"

"Akukadampa. Khalasi, ntchito yake yatha. Bwanji, mukufuna kumanga fulati kumudzi?"

"Ndikungofuna rolo imodzi."

"Mafi mushikila, palibe vuto, ndiyankhula ndi foromani. Koma za kago yotumizira kumudzi muone nokha, ine musandiyang'ane."

Ndinaikulunga, ndinaisenza mpaka pa basi anthu akundiyang'ana, ndipo sabata yomweyo inanyamuka. Nzeru imeneyi inali yanga ndekha. Palibe anandituma, ndipo Saidi sankadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli neti yotere.

Patapita miyezi ingapo mauthenga anayamba kubwera, Saidi akuchita kukuwa m'foni. Anatumiza kanema. Thumba la khoka likutuluka m'madzi, amuna akulephera kulikweza. Atalikhuthula, mulu wa tinsomba tonyezimira: kambuzi, kasawala amene ndi ana a chambo, ndi tina tosadziwika mtundu chifukwa tinali tisanaoneke n'komwe nkhope. Amayi ndi mabeseni mzere mpaka kumsewu. Kwathu khoka likakocheza, aliyense amene wagwirako chingwe amatapa ndiwo, ndipo potapa amathokoza mwini khoka pomutchula dzina. Dzina langa linkamveka padoko tsiku ndi tsiku ine ndili pa tebulo la nsomba kutali. Netiyo anaipatsa dzina, ankangoti Doha. Ndinatumizanso kawiri. Anzathu ena a kumudzi amene ankagwira ntchito m'maiko a Aluya anayamba kutumiza zawo, ndipo posakhalitsa khoka lopanda Doha linali la munthu wosauka.

Kanemayo ndinamuonetsa Rodel pa nthawi yopuma, ndikudzimva. Anaonera kawiri. Kenako anakulitsa chithunzi ndi zala.

"Kansomba aka kakakula kamafika pati?"

Ndinamuonetsa pa mkono wanga, kuyambira kunsonga kwa zala mpaka kupitirira povala wotchi.

"Ndipo apa ndi pamene zimaswana?"

"Pomwepo. Pa gombe la bambo anga."

Anandibwezera foni. "Kwathunso kunali chaka chotere," anatero. "Mpaka lero anthu amachikamba."

Zinandipweteka, ndipo ndinakwiya. Ndinamuuza kuti nyanja yathu si yawo, kuti nsomba ndi za Mulungu ndipo sizitha, mawu amene ndinakula ndikuwamva padoko. Sabata yathunthu ndinkaima kumanja kwake, makutu akufa kuyang'anana, ndipo tinkatsegula masikalopu ngati anthu osadziwana.

Koma ndinali wobira, ndipo wobira amadziwa zimene zili pansi. Ndinamuimbira Saidi.

"Saidi, bwanji Doha uja timuchotse ku thumba? Tikupha mbewu."

Anaseka. "Achimwene, mwayamba kuyankhula ngati alangizi a zausodzi. Tikachotsa ife, enawo achotsa? Tinsomba timene tisiye lero mawa tili m'khoka la wina. Papsa tonola, achimwene."

"Nanga ndikadzabwera tidzapha chiyani?"

"Zidzakhalapo, Mulungu akalola. Inu ganizani za injini basi."

Sindinalimbikire. Ndikhoza kunama kuti Saidi anandigonjetsa ndi mfundo, koma zoona n'zakuti nyumba ya mayi inali itafoleredwa ndi malata, ana a Saidi anali pa sukulu, ndipo kutchulidwa padoko kunkandikomera. Injini inagulidwa. Ndi Rodel tinayanjananso popanda kupepesana. M'mawa wina ndinangoima pamalo panga pakale, iye n'kundikankhira bokosi. Nkhani ya neti sanaiyambenso.

Iye anabwerera kwawo ine ndisanabwerere. Chigawo choyamba chinali chitatsegulidwa chitapuma zaka, ndipo anandionetsa chithunzi cha mkazi wake atanyamula sikalopu wodzaza dzanja. Sikuti zonse zinali bwino. Ena ankalowa mobisa m'zigawo zotseka, zoyandama zina zinadulidwa, ogula ankanyengerera anthu kuti atole ndi tating'ono tomwe, ndipo komiti inatsala pang'ono kupasuka. Anati akupita chifukwa nyanja sungailondere pa foni. Tinatsanzikana pa siteshoni ya sitima, iye ali ndi zikwama ziwiri ndi mpunga wophika m'kabokosi. Tinalemberana miyezi ingapo, kenako nambala yake inasiya kugwira. Sindidziwa ngati zaka khumi zake zinakwana.

Ine ndinakhalabe mpaka kontirakiti yachitatu itatha. Pa tebulo la nsomba anabweretsa munthu wina wa makutu onse awiri, ndipo tinalibe chokamba.

Nditabwerera kumudzi ndinapeza mayi atafupika, Saidi atanenepa. Anali ndi njinga yamoto, ndipo padoko ankamuti bwana. Anandilandira bwino, mbuzi inafa. Koma ndiwo za masiku otsatira zinali nyemba ndi masamba, m'nyumba ya mwini khoka.

M'mawa wina ndinakwera bwato ndi Saidi ndi antchito ake kupita cha ku gombe la bambo. Tinaponya kanayi. Thumba linkabwera ndi matope, zigoba ndi tinsomba tosadzaza beseni. Ulendo wachisanu ndinauza wobira wawo kuti apume, ndinavula malaya n'kutsika ndekha. Chifuwa chinali chitaiwala ntchito, komabe ndinafika. Kale pansi pamenepo pankakhala udzu wa m'madzi, ndi timaenje tozungulira timene chambo chimakumba pamchenga poswana, toyandikana ngati mbale pathandala. Ndinapeza posalala ngati pabwalo posesa. Ndinamanga zingwe n'kuvuuka.

Mwezi womwewo komiti ya padoko inaitanitsa msonkhano pa bwalo la sukulu. Wapampando anali mayi Asiyatu, ogulitsa nsomba zouma, amene anali atayamba kugulitsa tomato posowa choyanika. Mfundo yawo inali yakuti gombe lonse la pamene mtsinje umathira litsekedwe zaka zitatu, maneti a maso aang'ono awotchedwe, ndipo pambuyo pake azitsegula mbali imodzi, ina izipuma. Nkhaniyi inali itakanika kawiri m'mbuyomo chifukwa eni makoka ankangoyang'anana, aliyense kudikira mnzake, ndipo onse ankadikira khoka lathu poti ndilo linali lalikulu.

Kwathu pa msonkhano wotere amene amayankha ndi mwini khoka, amene analigula, osati woliyendetsa. Zaka zonsezo Saidi ankangoti mwini wake ali kunja, nkhani n'kuthera pomwepo. Tsopano mwini wake anali atabwera.

Tili m'njira yopita kumsonkhano Saidi anandigwira mkono.

"Achimwene, inu mwangofika kumene. Musayankhe kanthu. Mungoti mukaganiza kaye."

"Ndamva," ndinatero.

Ndinamvetsera zokambidwa mpaka mayi Asiyatu ananditchula dzina. Anthu onse anatembenuka. Ndinali nditakonzekadi kunena kuti ndikaganiza kaye, koma nditaimirira mawuwo anakana kutuluka.

"Neti imene mukuitcha Doha ndinatumiza ndine," ndinatero. "Kumene inachokera ntchito yake ndi yotchinga fumbi. Ndatsika pansi ndipo ndaona ndekha, palibe chatsala. Khoka lathu likhale loyamba kudulidwa thumba, ndipo bwato lathu silifikanso pagombe paja mpaka zaka zitatuzo zitakwana."

Ndinati lathu, koma Saidi sindinamufunse. Eni makoka awiri anatsatira, kenako enanso, monyinyirika. Saidi anaimirira pakati pa anthu.

"Inu zaka zonsezi mumatchuka ndi khoka limeneli muli pamthunzi ku Doha," anatero. "Wopsa ndi dzuwa ndinali ine. Lero mwabwera ndi sutikesi n'kutseka nyanja. Ana anga adya sutikesiyo?"

Anakwera njinga yake n'kuchoka. Ambiri mwa mawu akewo anali oona.

Maneti anawotchedwa Loweruka masana, utsi wakuda wonunkha pulasitiki. Saidi sanabwere. Sabata yotsatira anagulitsa njinga n'kupita ku Mozambique, ku damu lalikulu la ku Tete, kukagwira ntchito pa boti la munthu wina lophera tinsomba ta kapenta. Ndinamva kwa mlamu wanga, mkazi wake, mwiniwakeyo atawoloka kale malire.

Chino ndi chaka chachiwiri chitsekereni gombe. Bwato lili pamtunda, injini ili kuchipinda yokutidwa ndi chitenje. Ndimalima mpunga kudambo, ndipo ndimadyetsa khomo la mayi ndi la Saidi. Lachiwiri ndi tsiku langa lolondera malire, ndimakhala pa bwato la komiti kuthamangitsa anthu amene ndinakula nawo. Ena amati timaenje tayamba kuoneka cha kubango. Ine sindinatsike kukaona, ndikuopa. Kaya chambo chibwerera kaya ayi, munthu amene ndinapangana naye kuti tidzaphe limodzi kulibe, ndipo ndimamusowa kwambiri.

Saidi amaimbira mayi kamodzi pamwezi. Mayi akati ayankhule nane, amati mayunitsi atha. Mwezi watha mayi anangondipatsa foni osamuuza. Ndinamumva akufunsa ngati mwana wake wamkazi wachira chifuwa.

"Saidi, ndine," ndinatero. "Wachira. Ukubwera liti?"

Ndinkamva injini ikulira kumbuyo kwake.

"Muli bwanji, bambo?" anatero, mmene munthu amalonjerera mlendo m'basi. "Ndimayankhula ndi mayi anga. Apatseni foni."

Ndinawapatsa.